The Godfather: mausiku atatu pakhonde ku Nchalo

Mnyamata wina wokopera mafilimu pamsika wa Nchalo anandiikira magawo onse atatu a The Godfather mu flash. Zithunzi zinali zowala bwino, koma gawo lachitatu mawu ankachedwa, milomo kuyamba kuyenda mawu n'kubwera pambuyo.

Tinaonera pakhonde usiku, poti kutentha kwa kuno mu Okutobala m'nyumba simukhalika. Gawo loyamba, la 1972, ndi la maola pafupifupi atatu ndipo limayamba ndi ukwati wautali. Achimwene anayamba kusinza. Koma Marlon Brando, yemwe ndi Vito Corleone, mkulu wa banja la zigawenga, amalankhula motsitsa ngati mfumu ikuweruza mlandu pabwalo, aliyense n'kumanjenjemera. Amene anandigwira mtima ndi mwana wake Michael, Al Pacino uja. Poyamba sankafuna zochita za bambo ake, mapeto ake anawaposa nkhanza. M'gawo la 1974 amalamula kuti mkulu wake Fredo aphedwe ali m'bwato. Amayi anangoti, "Wobadwa naye m'mimba imodzi?" n'kunyamula mphasa yawo kukagona.

La 1990 silinandikomere kwenikweni. Amene mumafuna nkhonya ndi karate mudzatopa nawo, ndipo ana agonetseni kaye, muli magazi ambiri.