Chithunzi chakale cha perete wa ku Princeton: chosindikizidwa bwino koma chosafotokozedwa mokwanira

Sitolo ina ya pa intaneti imene imasindikizanso zithunzi zakale za mayunivesite a ku America imagulitsa chithunzi cha perete wa anthu amene anaphunzira pa Princeton, ku New Jersey, ndipo chimene ndinaitanitsa chinafika chili kale mu felemu yakuda, chokulungidwa bwino, galasi lake losasweka.

Kasindikizidwe kake n'kosadandaulitsa. Pepala ndi lochindikala, ndipo ngakhale chithunzicho chilibe mitundu, munthu amaona bwinobwino mikanjo italiitali, zipewa zosongoka, maambulera a mapepala ndiponso tsitsi lochita kumata, loluka chingwe chimodzi, likulendewera kumsana kwa azibambo achizungu amene avala ngati anthu a ku China, akuyenda pamzere akuseka. Onse ndi amuna, pakuti Princeton inayamba kulandira atsikana pa maphunziro a digiri yoyamba mu 1969.

Kapepala kofotokoza chithunzichi kakunena zoona pa nkhani ya mpikisano. Perete ameneyu, amene amatchedwa P-rade, ankathera ku bwalo kumene Princeton inkasewera baseball ndi yunivesite ya Yale, mdani wake wakalekale wa ku New Haven, ndipo gulu lililonse la omaliza maphunziro chaka chimodzi linkasankha zovala zake kuti lionekere kuposa anzawo.

Pamene kapepalaka kakuperewera ndi pa zovalazo, chifukwa kakungoti zinali zosangalatsa anthu basi. Sikakutchula kuti kuyambira mu 1882 lamulo la Chinese Exclusion Act linkaletsa antchito ochokera ku China kulowa m'dziko la America, ndipo linathetsedwa mu 1943. Sikakunenanso kuti tsitsi loluka lija amuna a ku China ankalisunga mokakamizidwa ndi mafumu a Qing, amene ulamuliro wawo unatha mu 1912. Choncho ophunzira bwinowa ankaseweretsa maonekedwe a anthu amene dziko la America linkawatsekera khomo, ndipo wogulitsa zinthu zokhudza mbiri sanayenere kudumpha mfundo yotere, makamaka popeza kuseri kwa kapepalako kwatsala malo osalembedwa.

Mtengo wa chithunzicho ndi woyenera, koma wotumizira ndi wokwera, motero ndi bwino kuitanitsa chopanda felemu n'kukaikitsa kwanu. Mphunzitsi wa mbiri angachigwiritse ntchito m'kalasi, bola alembe yekha mawu ofotokozera. Wofuna chongokongoletsera pabalaza asankhe china mwa zithunzi za P-rade za m'sitolo yomweyo, monga cha mbendera za kambuku, chizindikiro cha Princeton.