Nyandungu, paki ya ku Kigali imene imasunga madzi a mvula

Ndinapita ku Nyandungu mu Novembala, m'mawa mvula itagwa usiku wonse. Anandikoka ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Kigali, likulu la dziko la Rwanda. "Alamu, inu chaka chilichonse mumadandaula za mtsinje wa Lingadzi. Tiyeni mukaone dambo la kuno." Kwathu ndi ku Lilongwe, ndipo madzi amene anasefukira ku Mtandire ndi ku Area 47 mu Disembala 2017 sindinawaiwale.

Pakiyi inatsegulidwa mu Julaye 2022. Nthawi imeneyo inali malo a mahekitala 121 m'chigwa cha pakati pa maboma a Gasabo ndi Kicukiro. Kale dambo limeneli linali litatheratu ndi kulima komanso kudyetsa ziweto. Bungwe la boma loona za chilengedwe la REMA linalikonzanso, n'kubzalamo mitengo yachilengedwe pafupifupi 17,000.

Ambiri amabwerera njinga zobwereka ndi zithunzi. Ine maso anga anali pa madzi. Kigali ndi mzinda wa mapiri, choncho mvula ikagwa madzi amatsika ndi liwiro kuchokera pa malata ndi pa phula. Akafika kuno sapeza ngalande ya simenti yowathamangitsira kwa anthu a kumunsi. Amalowa m'maiwe asanu okumbidwira ntchito imeneyi, liwiro n'kutha, matope n'kukhala pansi. Kenako amadutsa pang'onopang'ono m'udzu wa m'dambo, ena n'kulowa m'nthaka. Ndinaima nthawi yaitali poyerekeza madzi ofiira amene ankalowa ndi amene ndinawaona kumunsi atayerako. Mlamu anachita kundisiya n'kukakhala pa benchi.

Chinanso chimene chinandigwira mtima n'chakuti sindinaone jumbo ngakhale imodzi itakodwa m'udzu. Rwanda inaletsa majumbo a pulasitiki mu 2008. Kwathu ngalande imatsekeka ndi majumbo ndi mabotolo mvula yoyamba isanathe, ndiye ngakhale titakumba maiwe otere, popanda kuthana ndi zinyalala angadzaze msanga.

Njira zoyendamo ndi zopalasamo njinga zimakwana makilomita 10, ndipo zinali zosamalidwa bwino. Muli munda wa zitsamba za mankhwala komanso malo odyera. Tinamwa tiyi basi, choncho za chakudya ndisiyira ena. Mbalame ndi zambiri, akakowa ankangoyenda m'mphepete mwa dziwe osatilabadira. Mitengo yambiri ikukulabe, ndiye tengani chipewa ndipo mulawirire dzuwa lisanakwere.

Ndingalimbikitse aliyense wofika ku Kigali kuti apatule theka la tsiku, makamaka amene amagawa mapuloti ndi amene amajambula mapulani a mizinda. Kwathu, dambo limene ndinkadutsa ndili mwana popita kusukulu lero ndi mipanda ya njerwa yokhayokha, ndipo madzi ake amadzera m'makomo a anthu. Ndabwera ndi zithunzi za maiwe aja, ndikazionetsa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu mvula ya chaka chino isanafike pachimake.