Kuyezetsa m'mimba pongouzira mpweya, labu ina ku Avenues

Abale amene mukuvutika ndi chilungulira chosatha kapena zilonda za m'mimba, ndikuuzeni za kuyeza komwe ndinakapangitsa pa labu ina ku Avenues konkuno ku Harare, amati urea breath test. Amafufuza kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anakatulukira mpaka kulandira nako Nobel mu 2005.

Kuyezako nkophweka zedi. Umapita usanadye, a nesi amakupatsa kathumba kuti uuziremo, kenako umamwa timadzi towawasa ngati mandimu tomwe asakanizamo kemiko yotchedwa urea, nkukhala pa benchi mphindi ngati 30, nkuuziranso mu kathumba kena. Basi. Palibe jakisoni, palibe zokulowetsa paipi ya kamera kukhosi. Chimachitika nchoti kachilomboka kakakhala kalimo kamaphwanya urea uja nkutulutsa carbon dioxide, mpweyawo umalowa m'magazi nkudzatulukira ku mapapo ndiye makina amauzindikira poti urea wakeyo amakhala ndi chizindikiro cha carbon-13. Ine ndaikonda kuposa ya magazi, chifukwa magazi olo unachira kalekale amatha kumaonetsabe kuti uli nako, pomwe mpweya umanena zomwe zili m'mimba panopa.

Koma chinandiwawa ndi ichi. Pobukitsa pa foni palibe anandiuza kuti omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, umayenera kusiya masabata 2 usanayezetse, maantibayotiki masabata 4. Ndinakamvera pa kauntala, anandibweza, ya kombi yapita, ku ntchito ndapempha kale. Komabe bola a pa kauntalawo anandifunsa za mankhwala omwe ndikumwa, chifukwa mankhwala amenewa amakafoola kachilomboka ndiye zotsatira zimatha kubwera zoti ulibe chikhalirecho kalimo, munthu nkubwerera kunyumba kumakavutikabe osadziwa, pomwe kachilombo komweka kakakhalitsa kamatha kuyambitsa khansa ya m'mimba. Nanga si ambirife omeprazole timangogula tokha ku famasi m'mimba mukangoyamba kuotcha. Chonde a labu, tumizani malangizowa pa WhatsApp munthu akangobukitsa, komanso mu Shona, azigogo athu a ku Mbare ndi Mufakose si onse amamva Chingerezi cha kuchipatala.

Mtengo ndi wokwererako ndithu, ngati mulibe medical aid yambani mwafunsa, mufunsenso za kuyezetsa chimbudzi poti nakonso kumaona kachilombo komwe kalipo panopa. Akakupezani nako mukamaliza mankhwala mudikire masabata osachepera 4 kenako mukauzirenso, kuti mutsimikize kuti kathadi.