Suunto Zoop Novo m'nyanja ndi m'mitsinje ya madzi opanda mchere

Zoop Novo ndi kompyuta yapamkono ya osambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, yopangidwa ndi kampani ya Suunto ya ku Finland. Ambiri amaigula akangomaliza maphunziro oyamba, ndipo malangizo omwe amamva amakhala a kunyanja yamchere. Madzi opanda mchere ali ndi zovuta zawozawo: mumachita mdima msanga, pansi pamazizira, ndipo nyanja zambiri zili pamalo okwera. Pa zonsezi kompyutayi imagwira bwino ntchito, koma pali chinthu chimodzi chomwe siikuchitirani yokha.

Chinthucho ndi kukwera kwa malo. Zoop Novo siizindikira yokha kuti mwafika kumapiri, mumayenera kuiuza. Ili ndi magawo atatu: 0 wa malo osapitirira mamita 300, 1 wa mamita 300 mpaka 1,500, ndi 2 wa mamita 1,500 mpaka 3,000. Pamalo okwera mpweya umapanikiza thupi mocheperapo, choncho munthu akavuuka, nayitrojeni (gawo lina la mpweya womwe timapuma) yemwe analowa m'magazi ali pansi amafulumira kutuluka ndipo angathe kupanga thovu m'mitsempha ndi m'mfundo. Mukasankha gawo lokwera, kompyuta imafupikitsa nthawi yomwe mungakhale pansi. Mukaiwala, imawerengera ngati muli m'mphepete mwa nyanja yamchere, n'kukupatsani mphindi zomwe thupi lanu lilibe, ndipo palibe belu lomwe lingalire kukuchenjezani.

Cholakwika chofala n'kuganiza kuti zimenezi zimakhudza nyanja za pamwamba pa mapiri zokha. Nyanja ya Geneva ili pa mamita 372, kale kale yalowa gawo 1. Tahoe, pa mamita pafupifupi 1,900, ndi gawo 2. Titicaca, yomwe ili pamwamba pa mamita 3,800, yapitirira malire ndipo kompyutayi musaidalire kumeneko. Mufufuze kukwera kwa malo musananyamuke, musinthe gawo musanavale suti, ndipo ngati mwachokera kumunsi mudikire maola osachepera 3 musanalowe m'madzi. Pobwerera, msewu wodutsa paphiri muuone ngati ndege. Kachizindikiro koletsa kukwera ndege kakadali pagalasi, si nthawi yoti mukwere mtunda wautali. Makompyuta ena amayeza okha mpweya wa pamalopo; apa Zoop Novo yatsalira, tisabise.

Ilibenso posankhira madzi amchere kapena opanda mchere. Ena amadandaula nazo, koma nkhaniyi ndi yaing'ono. Madzi opanda mchere ndi opepukirapo, motero kuya komwe kukuoneka pagalasi kumachepa ndi 2 kapena 3 peresenti: pa mamita 20 enieni mungaone 19.5. Masamu a nayitrojeni amatsata kupanikiza kwa madzi, osati mamita, ndiye chitetezo sichisokonekera. Chomwe muyenera kusintha ndi lamba wa mtovu. Munthu wolemera makilogalamu 90 pamodzi ndi zida amachotsa pafupifupi makilogalamu 2 pa omwe amamanga kunyanja yamchere. Akapanda kutero amadzaza mpweya wambiri m'jekete yothandiza kuyandama, n'kumangokwera ndi kutsika, kompyuta ili kulira.

Kulirako n'chifukwa choti liwiro lovuukira lomwe imalola ndi mamita 10 pa mphindi. Mukalipitirira kwa kanthawi, imakulamulani kuima musanavuuke, kuwonjezera pa mphindi 3 za nthawi zonse zapakati pa mamita 3 ndi 6, zomwe imawerenga mukatsika kupitirira mamita 10. Mumtsinje izi zimatopetsa. Pansi pake si posalala, madzi amakukankhirani pamwamba pa mwala kenako m'dzenje, ndipo njira ya RGBM, yomwe Suunto imagwiritsa ntchito powerengera nayitrojeni m'thupi, imalanga kukwerakwera kotere, komanso kupuma nthawi yochepa pakati pa maulendo. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu mudzaona anzanu a makompyuta ena akadali ndi mphindi inu zitatha. Sikuti yawonongeka ayi, ndi yosamala choncho. M'madzi ozizira, momwe thupi limachedwa kutulutsa nayitrojeni, kusamala kumeneku n'koyenera, ndipo amene watopa kapena wazizidwa angawonjezere posintha mlingo wa kusamala kwa kompyuta kuchoka pa 0 kupita pa 1 kapena 2.

Chenjezo lina: ikakulamulani kuima kuti nayitrojeni atuluke, inu n'kukhala pamwamba pa malire omwe yaika kupitirira mphindi 3, imadzitseka kwa maola 48. Imangoonetsa kuya ndi nthawi basi. Mumtsinje wothamanga, kuima malo amodzi popanda chogwira n'kovuta, choncho mukhale ndi chingwe cha nangula kapena muvuukire m'mbali mwa gombe motsatira pansi.

Galasi ndiye mphamvu yake yeniyeni. Ndi lalikulu, manambala ndi onenepa, ndipo m'madzi a matope momwe simuona kupitirira mita imodzi mumawerengabe mutayandikiza mkono kumaso. Zoop yakale inalibe nyale. Iyi ili nayo, ngakhale imayaka masekondi ochepa okha mukadina batani. Pansi pa nyanja yakuya, pomwe kumachita mdima masana, zimenezi zimafuna dzanja lachiwiri, lomwe mwina lagwira tochi. Mabatani anayi amadinika ngakhale mutavala magolovesi okhuthala. Mndandanda wa zosankha ndi wosokoneza tsiku loyamba, ndiye muuyeserere kunyumba, osati m'boti.

Kampasi ilibe. Kunyanja yoyera mungapirire, koma m'damu la matope kampasi ndiye maso anu, choncho mugule yapadera. Nitrox, womwe ndi mpweya wa m'silinda wowonjezeredwa okosijeni, imalandira wa okosijeni 21 mpaka 50 peresenti, mtundu umodzi pa ulendo umodzi, ndipo imagwira ntchito mpaka kuya kwa mamita 80, kutali kwambiri ndi komwe wosambira wamba ayenera kufika.

Batire ndi CR2450. Madzi a pansi pa nyanja za kumaiko ozizira amafika madigiri 4, ndipo batire yotheratu pang'ono imaonetsa chenjezo ikazizidwa ngakhale kumtunda inkaoneka yabwino. Mukaona choncho musinthe, pamodzi ndi kamphira kotsekera madzi. Kamchenga kamodzi kapena tsitsi pa kamphirako n'kokwanira kulowetsa madzi.

Anthu amaganiza kuti madzi opanda mchere safuna kutsuka zida. Matope ndi ndere zimamatirira pa tizitsulo tomwe timauza kompyuta kuti yalowa m'madzi. Mukaona zilembo za AC, zomwe zimaoneka pagalasi tizitsuloto tikanyowa, zisakuzima iyo itauma kale, ndiye kuti tizitsuloto tada ndipo batire ikungotha. Muviike m'madzi oyera, mutsuke ndi kaburashi kofewa, mudine mabatani kangapo ili m'madzimo kuti mchenga utuluke, kenako muumitse pamthunzi.

Kwa wosambira m'nyanja ndi m'madamu osapitirira mamita 30 kapena 40, yemwe ali ndi chizolowezi choyang'ana zida zake asanalowe m'madzi, Zoop Novo ndi yokwanira ndipo ndi yolimba. Amene amasinthasintha malo, lero kumunsi mawa kumapiri, kapena amabwereketsa zida kwa anthu osiyanasiyana, kuli bwino afune kompyuta yoyeza yokha kukwera kwa malo.