Kamakina kofufuzira zitsulo m'konkire: patatha miyezi isanu ndi inayi

Nditangokagula ndinakayamikira kwambiri, mpaka ndinati tchizulo ndasiyana nayo. Mmisiri mnzanga wandifunsa posachedwa ngati ndikadali pa mawu omwewo. Ayi, tchizulo inabwerera m'chikwama pasanathe mwezi.

Ntchito yanga yambiri ndi ya nyumba ndi matanki zomwe zinamira nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, cha ku Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Mwini nyumba amafuna kudziwa ngati khoma lingasenze katundu wina, koma pulani inapita ndi madzi, kapena sinajambulidwe n'komwe.

Pankhani yopeza pomwe chitsulo chadutsa, kamakinaka sikanama. Umakayendetsa pang'onopang'ono, kakalira n'kulemba ndi choko, kenaka n'kubwereza kuchokera mbali inayo kuti upeze pakati penipeni. Kamadalira mphamvu ya maginito, ndiye chilichonse chachitsulo kamachimva. Pa golosale ina ku Ngabu ndinajambula mzere wokongola, mwiniwake akungondiyang'ana. Kenaka anati, "Bambo, pamenepotu ndi pomwe tinkakhomera mashelefu." Inali misomali yokwiririka m'pulasitala. Manyazi ake!

Pomwe kamandikhumudwitsa ndi pa kunenepa kwa chitsulo. Pa khoma la thanki lina kanaonetsa 16 mm. Ine mtima m'malo, koma kapitawo anakakamira kuti tigumule pang'ono tione. Tinapeza ma Y12 (zitsulo zonenepa 12 mm) awiri ogundana, pomwe amisiri analumikiza chitsulo china ndi chinzake. Kamakina kanaziwerenga ngati chimodzi chonenepa. Chitsulo chachikulu chomwe chili mkati kwambiri ndi chaching'ono chomwe chili pafupi zimamveka pafupifupi mofanana, ndipo maring'i a R6 (tizitsulo ta 6 mm tomangira zitsulo zikuluzikulu) akathinana pa pilala zinthu zimasokonekeratu. Masiku ano ndimagumula kamalo kamodzi kongokwana chikhatho, kutali ndi polumikizira, n'kuyeza chitsulocho ndi vernier (chida choyezera kunenepa kwa zinthu), nambala yake n'kuilowetsa m'kamakina. Zikatero, kuya kwa chitsulo m'konkire komwe kakuonetsa kumagwirizana bwino ndi zomwe tepi ikunena.

Ndipo kuya kumeneku ndi komwe ndaona kuti ndi nkhani yaikulu kuno kuchigwa. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa madzi ake ndi amchere, ndipo ena amakandira konkire madzi omwewo. Mchere ukafika pa chitsulo, dzimbiri limachitupitsa, konkire n'kuyamba kung'aluka motsatira mzere wa chitsulocho. Pomwe pamayenera kukhala konkire wosachepera 25 mm pamwamba pa chitsulo, ndapezapo 10 mm, chifukwa choti pothira sanaike timiyala totchingira zitsulo kuti zisagunde matabwa. Khoma lotere kunja limaoneka la bwinobwino, lopakidwa laimu n'kuwala.

Kutentha nako kwakayesa. Mu Okutobala ndinakasiya pa mpando wa galimoto masana, galasi lake linada osaoneka nambala mpaka kanazizira pamthunzi. Tsopano ndimayamba ntchito kum'mawa, pofika 10 koloko ndamaliza. Fumbi limalowanso m'timateyala take, ndiye kamswachi kakale sikachoka m'bokosi.

Wofuna kungobowola khoma osagunda chitsulo, akagule, sadandaula. Wofuna kuwerengera mphamvu ya khoma asadalire nambala ya kunenepa ija asanaone chitsulo ndi maso. Lachiwiri ndili ku Nsanje kukaona khoma la nyumba yosungiramo chimanga, ndipo simenti yotsekera pomwe ndigumule ndagula kale.