Bokosi la zida za fizikisi: zomwe zapirira m'manja mwa ana ndi zomwe zagona m'kabati

Bokosili litangofika ndinalemba kuti ndi lokwanira kwa mphunzitsi wa kusekondale amene alibe labu yeniyeni. Muli masipiling'i, maginito, makampasi, ma multimeter (zida zoyezera magetsi), mababu ndi mawaya, laser yofiira, tingolo toyenda panjanji komanso electroscope, chida chokhala ndi timapepala tachitsulo timene timatambasuka chikalandira magetsi. Patha miyezi tsopano likudutsa m'manja mwa ophunzira sabata ndi sabata, ndipo zimene ndinkaziona ngati zongodzazira bokosi ndizo zanyamula maphunziro ambiri.

Chomwe tagwiritsa ntchito koposa ndi kachitsulo komangirira ku ulusi, kaja ka pendulum. Palibe choti n'kuthyokapo. Ulusi ukatalika mita imodzi, kachitsuloko kamatenga pafupifupi masekondi 2 kupita ndi kubwera, ndipo ukaufupikitsa kufika masentimita 25 nthawi imatsika kufika sekondi imodzi. Ana akayeza ulendo umodzi wokha amapeza manambala osiyanasiyana, chifukwa chala cha munthu chimachedwa ndi masekondi pafupifupi 0.2 podina wotchi. Akawerenga maulendo 20 n'kugawa, g, nambala yosonyeza mmene liwiro la chinthu chogwa limaonjezekera, imatuluka pafupi ndi 9.8, bola asakakokere kutali poyamba. Mkangano weniweni umabuka tikasintha kulemera. Ambiri amalumbira kuti cholemera chithamanga, wotchi n'kuwatsutsa. Chotopetsa ndi choimikira chake: ndi chopepuka, chimagwedezeka limodzi ndi ulusi, moti timachipanira kutebulo.

Chionetsero chomwe sichinandigwiritsepo mwala ndi maginito a neodymium ogwetsedwa m'paipi ya mkuwa. Ndimayamba ndi kugunditsa maginitowo kupaipi kuti aliyense aone kuti mkuwa sumamatira. Kenako ndimaponyamo kachidutswa ka pulasitiki, kamene pa mita imodzi kamatuluka sekondi isanafike ndi theka lomwe. Ndikaponyamo maginito, m'kalasi mumakhala zii, anthu akudikira pansi pa paipi chinthu chosatuluka. Amene wasuzumira pamwamba amawaona akutsika pang'onopang'ono, akupendama uku ndi uku ngati ali m'madzi. Apa m'pamene ndimalowetsa Michael Faraday, amene mu 1831 anaonetsa kuti maginito oyenda amayambitsa magetsi m'waya, ndi Heinrich Lenz, amene mu 1834 anafotokoza kuti magetsi amenewo amalimbana ndi kusintha kumene kwawabweretsa. Lamulo limene pabolodi limawavuta, paipiyi imawafotokozera yokha.

Koma maginito amenewa sachedwa kubenthuka. Awiri akakokana mwamphamvu n'kuwombana amasweka m'mbali, ndipo chala chikapezeka pakati chimatupa. Choipa kwambiri n'chakuti amene anakonza bokosili anawaika chipinda chimodzi ndi makampasi. Makampasi ena anatembenuka, singano yoloza kumpoto n'kumaloza kummwera. Pa chionetsero cha wasayansi Hans Christian Ørsted cha 1820, pamene waya wodutsa magetsi amapotoza singano ya kampasi, magulu awiri oyandikana ankapeza mayankho otsutsana, onse atalumikiza molondola. Ngati mwagula bokosi lotere, tulutsanimo maginitowo tsiku loyamba lomwelo.

Mbali ya magetsi ndiyo imadya nthawi ya mphunzitsi. Mwana akaika multimeter poyezera current, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, n'kuilumikiza mwachindunji kumapeto onse a batire, fyuzi yamkati imapsa. Chidacho chimayakabe, voltage (mphamvu yokankha magetsi) chimayeza bwinobwino, koma pa current chimangoonetsa ziro, ndiye gulu lonse limataya theka la phunziro likufufuza vuto pamene palibe. M'bokosimo simunabwere fyuzi yapadera ngakhale imodzi. Mawaya a zopanira za mano nawo amadukira mkati mwa pulasitiki kunja akuoneka abwino. Masiku ano ndimawayesa onse ndi multimeter belu lisanalire.

Kabuku ka malangizo kali ndi vuto limene sindingalikhululukire. Kamati lamulo la Ohm, lonena kuti current imakwera molingana ndi voltage, lionetsedwe ndi babu. Kawaya ka m'babu kakatentha resistance yake, kutanthauza kukaniza kwake magetsi, imakwera, choncho girafu imapindika m'malo moyenda mowongoka, ndipo ana amayamba kukonza manambala kuti agwirizane ndi za m'buku. Lamulolo lionetseni ndi resistor, kachida kamene resistance yake sisinthasintha, babu mudzaitulutse pambuyo pake ngati chitsanzo cha chinthu chosamvera lamulo.

Masipiling'i angapo anakokedwa mopyola muyeso ndipo sanabwererenso. Sindinawataye. Ndimawaika pambali pa abwino pofotokoza polekezera lamulo la Hooke, lonena kuti sipiling'i imatalika molingana ndi mphamvu yoikoka.

Tingolo tija tandikhumudwitsa. Fumbi likalowa m'mateyala timaima tokha pakati pa njanji, ndipo kuwerengera kwa momentum (kulemera kuchulukitsa ndi liwiro) sikutuluka. Foni yojambula mochedwetsa, zithunzi 240 pasekondi, ndi mpira wogubuduzika pafupi ndi rula zimapereka zotsatira zabwino kuposa pamenepo. Palinso phyphox, pulogalamu yaulere yopangidwa ku yunivesite ya RWTH Aachen ku Germany, imene imasandutsa foni kukhala choyezera acceleration (kusintha kwa liwiro) ndi mamvekedwe a phokoso. Electroscope nayo ili ndi nyengo zake: mpweya ukakhala wachinyontho, magetsi opeka pokhutiza pulasitiki pansalu amathawa musanawaonetse, ndipo timapepala take tachitsulo tinang'ambika kale.

Laser ikugwirabe ngati yatsopano, mwina chifukwa imakhala m'thumba mwanga osati m'bokosi. Timamata tsitsi limodzi pakachibowo ka katoni, kuwala kofiira kwa mafunde otalika ma nanometre 650 n'kudutsapo, ndipo pakhoma la mamita angapo kutsogolo pamaoneka mzere wa timadontho towala tolekanitsidwa ndi mdima. Mwana akayeza mpata wa timadonthoto ndi rula amatha kuwerengera kunenepa kwa tsitsi lake, ndipo tsitsi lochepa thupi limatalikitsa mipatayo, zimene zimawadabwitsa nthawi zonse. Ana amakhala kumbuyo kwa laser, ndipo mawotchi ndi china chilichonse chonyezimira timachotsa patebulo tisanayatse, chifukwa kuwala kobwerera kumapweteka diso mofanana ndi kochokera m'chidacho.