Chipewa changa cha Panama patatha miyezi khumi

Sabata yatha mnzanga anandifunsa ngati nayenso agule chipewa chakhonde ngati changa, ndipo ndinayamba ndakhala kaye chete. Chitangofika ndinkachitamanda kwa aliyense. Tsopano ndachivala pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi khumi, ndipo pali zoti ndiwonjezere.

N'chipewa cha Panama, cholukidwa pamanja ku Ecuador ndi ulusi wa masamba a toquilla, chomera chofanana ndi kanjedza. Dzinalo lisakusokonezeni. Kale zipewazi zinkadzera ku Panama popita kumisika yakunja, ndipo pulezidenti wa America wa nthawiyo, Theodore Roosevelt, atajambulidwa atavala chimodzi pokaona ntchito yokumba ngalande ya Panama mu 1906, dzinalo linakhazikika. Changa n'cha ku Cuenca, mzinda wa ku Ecuador. Za ku Montecristi, tawuni ina ya komweko, zaulusi wosalala zotenga miyezi kuluka, thumba langa silikanazikwanitsa.

Mthunzi wake umafika m'makutu mpaka kukhosi. N'chopepuka, mphepo imalowa, mutu sutentha. Pamenepo ndilibe dandaulo.

Vuto lili kutsogolo, pamwamba, pamene anachitsina kuti chikhale ndi kamphuno. Dzanja limathamangira pomwepo ukamavula. Mwezi wachinayi ndinaona timaulusi tiwiri titadzuka ngati tsitsi. Ndinatikanikiza ndi chala, n'kuiwalako. Patapita miyezi iwiri ndinachikweza padzuwa, kuwala n'kumadutsa pakabowo kangati mutu wa machesi. Pofika mwezi watha mng'aluwo unali utatalika ngati chala changa chaching'ono, ulusi wa m'mbali mwake ukuthetheka ukangoukhudza.

Chifukwa chake ndinachidziwa mochedwa. Toquilla ikauma kwambiri sichedwa kuthyoka, n'chifukwa chake oluka amanyowetsa zala ndipo amakonda kuluka m'mamawa kusanatenthe. Ine ndinkachisiya m'galimoto yotseka dzuwa likuswa mtengo, n'kumachitsina pamalo amodzimodziwo kangapo patsiku. Chimafunika kuchigwira pakhonde, ndipo pochiika pansi uzichigadamitsa kuti khondelo lisaphwatalale.

Kulakwa kumeneko ndikuvomera. Koma wogulitsa analemba pa intaneti kuti chipewachi chimapindika n'kulowa m'chikwama. Ndinachipinda kamodzi kokha, paulendo. Khonde linatuluka litakhota, ndinaliwongola ndi nthunzi ya ketulo, koma mzere wa pamwamba sunachoke, ndipo mng'alu watsata mzere womwewo. M'bokosi munalibe ngakhale kapepala konena za kasamalidwe. Nditawatumizira zithunzi, panatha masabata atatu asanayankhe. Yankho lake akuti ndinkachigwira molakwika, koma angandichotsereko pang'ono ndikagula china. Ndinawakumbutsa mawu awo aja akuti chimapindika. Mpaka lero kuli zii.

Wokonza zipewa anamata chigamba cha nsalu mkati mwa kamphunoko, n'kusinthanso lamba wamkati amene anali atauma ndi thukuta. Bilu inafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene ndinagulira, osawerengera ndalama zotumizira chipewacho. Tsiku limenelo mtima unandiwawa, ndinati basi, sindidzagulanso. Madzulo ndinachigadamitsa pamwendo, n'kumatsata ndi chala mizere yozungulira yochokera pakati penipeni pamene woluka anayambira, yoyalana bwino osadumpha ngakhale umodzi. Luso limeneli UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mu 2012, ndipo ukachiyang'anitsitsa umamvetsa chifukwa chake. Mkwiyo unatsika. Amene anachiluka sanandilakwire.

Mnzangayo ndamuuza kuti agule, koma kwa wogulitsa wina. Amufunse kaye ngati chimapindikadi, yankholo limufikire molemba, ndipo asankhe chokhala kale ndi chigamba mkati mwa kamphuno. Changa ndipitiriza kuchivala mpaka chigambacho chidzagonje. Koma kwa wogulitsa uja ndalama yanga sidzapitanso, ngakhale atachotsera theka la mtengo.